Phunziro: Mwala wa Dzuwa ndi Zifanizo za Pulasitala

Ana inu, lero tikambirane za anthu a mtundu wa Aztec. Likulu lawo linali Tenochtitlan, pomwe pali mzinda wa Mexico City masiku ano. Anthuwa analibe zida zachitsulo. Ankasema mwala pougogoda ndi mwala unzake wolimba koposa, kenaka n'kuukwecha ndi mchenga ndi madzi mpaka usalale. Akamaliza ankaupaka utoto.

Ntchito yawo yotchuka kwambiri ndi Mwala wa Dzuwa. Ndi wozungulira ngati lichero, m'mimba mwake ndi mamita 3.6, ndipo umalemera pafupifupi matani 24. Pakati pake pali nkhope yotulutsa lilime looneka ngati mpeni, ndipo mozungulira muli zizindikiro za masiku 20 a mwezi wawo. Anthu a ku Spain atalanda mzindawo mu 1521, mwalawu unadzakwiriridwa. Unafukulidwa mu 1790, pamene ankakonza bwalo lalikulu la mzindawo.

Tsono munthu wa ku London akanauona bwanji mwala wolemera chotere, nthawi imene kamera kunalibe? Mu 1823 William Bullock anapita ku Mexico n'kukatenga chikombole chake, ndipo mu 1824 anaonetsa chifanizocho ku London.

Mvetserani mmene ntchitoyi imagwiridwira. Mmisiri amamata pulasitala pamwala chigawochigawo. Zigawozo zikauma, amazichotsa mosamala n'kuzilumikiza kuti zikhale chikombole. Akathiramo pulasitala wamadzimadzi n'kudikira kuti alimbe, mumatuluka chifanizo chokhala ndi kamzere kalikonse ka mwala uja, ngakhale ming'alu yake. Nyumba yosungira zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London inatsegula zipinda za zifanizo zotere mu 1873.

Musazipeputse poti n'zokopera. M'zaka za m'ma 1880, Alfred Maudslay anatenga zikombole za miyala ya anthu a mtundu wa Maya ku Copán ndi ku Quiriguá. Kuchokera nthawi imeneyo mvula yakhala ikufufuta zolembedwa pamiyala ina, moti akatswiri amakaziwerenga pa zifanizo zake ku British Museum.

Komabe pulasitala sangakuuzeni kulimba kwa mwala umene mmisiri anavutika nawo. Choncho mukadzaima patsogolo pa chosema chilichonse, mudzayambe mwafunsa: kodi ichi n'chenicheni kapena chokopera, ndipo anachisema ndani, kuti?