Kodi Malo Osungirako Achinyamata Ovuta Amawongoladi Khalidwe?

Mawu oyamba

Msuweni wanga atakwanitsa zaka 15 adayamba kusuta chamba, kujomba kusukulu ndi kuba ndalama za amayi ake. Akuluakulu a pabanja atakhala pansi, amalume adati: "Mwanayu watikanika, timutumize kwina akamuwongole." Adamutumizadi ku malo ena ogonera komweko. Atabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu, tonse tidasangalala poona ulemu wake, koma chaka chisanathe adabwerera m'matope, ndipo tsopano ankayenda ndi anzake omwe adadziwana nawo kumeneko. Zimenezi n'zomwe zidandichititsa kufufuza funso ili: kodi kuchotsa wachinyamata pakhomo n'kukamusunga pamodzi ndi anzake ovuta kumathandizadi? M'chimangirizo ichi ndiona umboni wochokera ku America, kumene malo otere ndi ambiri ndipo afufuzidwa kwa nthawi yaitali.

Chifukwa chomwe makolo amawakhulupirira

Maganizo a makolo ndi omveka. Mwana akachotsedwa pakati pa anzake oipa, n'kumadzuka, kudya ndi kugona pa nthawi yoikika, akuyang'aniridwa usana ndi usiku, khalidwe lake limaoneka kuti lasintha. Nawo makolo amapumako. Koma vuto ndi lakuti mwana amene sangathe kutuluka pa geti sangabe pamsika. Choncho kufatsa kwake ali m'katimo si umboni woti wasintha. Muyeso weniweni ndi zomwe amachita akabwerera kwawo.

Phunziro la ku Cambridge ndi Somerville

Kafukufuku wodziwika bwino pa nkhaniyi ndi wa Cambridge-Somerville, yemwe adayambitsidwa ndi dokotala Richard Cabot ku Massachusetts. Kuyambira mu 1939, anyamata adaikidwa awiriawiri ofanana msinkhu, nzeru ndi mabanja ochokerako. Pa awiri aliwonse, mmodzi ankalandira uphungu, thandizo la maphunziro ndi la chipatala, ndipo ena ankatumizidwa kukagonera ku misasa ya patchuthi. Winayo sankalandira kanthu. Mu 1978 Joan McCord adasindikiza zomwe adapeza atalondola magulu 253 a anyamatawa patapita zaka pafupifupi 30. Zotsatira zake zidadabwitsa anthu: omwe adathandizidwa aja ndiwo adachuluka pa uchidakwa, matenda a maganizo, kupalamula mobwerezabwereza ndi kufa msanga. Chonsecho ambiri mwa iwo ankanena kuti thandizolo lidawapindulira. Apa ndikuphunzirapo kuti kuyamikira kwa munthu wothandizidwa sikokwanira kutsimikiza kuti ntchito yaphindula.

Mu 1999 Thomas Dishion, McCord yemweyo ndi François Poulin adafotokoza chimodzi mwa zifukwa zake. Adaona kuti anyamata omwe adapita ku misasa ija kangapo ndiwo zidawaipira kwambiri. Iwo adati achinyamata ovuta akasonkhanitsidwa amaphunzitsana zoipa: wina akanena za kuba kapena ndewu, anzake amaseka ndi kumutama, ndipo kusekako kumakhala ngati mphotho. Makolo athu adaziona kale zimenezi pamene ankati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Nanga bwanji tikaunjika zowola zokhazokha m'dengu limodzi?

Nkhanza zobisika

Vuto lachiwiri ndi lakuti malo otsekeka amabisa zambiri. Mu 2007 ofesi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ntchito, GAO, idapeza madandaulo zikwizikwi a nkhanza m'malo otere. Idasanthula imfa za achinyamata 10 zomwe zidachitika pakati pa 1990 ndi 2004, ndipo idapeza kuti m'malo ambiri ogwira ntchito adali osaphunzira mokwanira, moti ankayesa kuti mwana wodwala akunamizira. Mu 2020 Paris Hilton adaulula nkhanza zomwe akuti adakumana nazo ali mtsikana pa sukulu ina yotere ku Utah, ndipo kulimbikira kwake kudathandiza kuti mu Disembala 2024 dzikolo likhazikitse lamulo lofuna kuthana ndi nkhanza m'malo osungirako ana.

Mbali inayo

Sindikunena kuti malo onse ndi oipa. Pali achinyamata ena omwe afika pofuna kudzipha, omwe mankhwala ozunguza bongo awalowerera, kapena omwe kwawo kwenikweniko ndiko kuli nkhanza. Kwa otere, kuchoka pakhomo kungapulumutse moyo. Koma malowo ayenera kukhala ndi akatswiri ophunzira bwino, ana ochepa, nthawi yokhalako yaifupi, khomo lotseguka kwa makolo ndi oyendera a boma, komanso dongosolo lomutsatira mwana akatuluka.

Palinso njira ina yomwe Scott Henggeler adayambitsa, yotchedwa Multisystemic Therapy. Mmalo motenga mwana, mlangizi ndi amene amapita kunyumba kwa miyezi itatu mpaka isanu, n'kumagwira ntchito ndi makolo, aphunzitsi ndi anansi. Maziko ake ndi oti vuto la mwana silili mwa iye yekha, koma lilinso m'malo omwe akukhala. Kuno kwathu tili ndi malo osungirako ana olakwira malamulo ku Mpemba m'boma la Blantyre ndi ku Chilwa m'boma la Zomba, komabe lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limapereka mwayi woti milandu ina ya ana ithere kunja kwa khoti, mwana akadali pakati pa abale ake.

Mawu omaliza

Nditaunika umboni wonsewu, ndikuona kuti malo ogonera si mankhwala a vuto lililonse, ndipo akayendetsedwa mosasamala amaonjeza bala. Ayenera kukhala njira yomaliza, osati yoyamba. Ndikakumbukira msuweni wanga, ndimaona kuti tidamutumiza kutali koma pakhomo sitidasinthepo kanthu: mikangano idali yomweyo, ndipo palibe adafunsa chomwe chinkamuthawitsa kusukulu. Lero banja lina likadzandifunsa nzeru, ndidzayamba ndi mafunso atatu: mwanayo akakhala ndi yani kumeneko, ndani adzamuyendera, ndipo akadzabwerako adzapeza chiyani chasintha?