MADZI OIPA A PA HOTELA NDI PA SITOLO: KUSANKHA PAMPU M'MBALI MWA NYANJA KU SALIMA

Munthu akacoka pa boma la Salima ndi kulondola mseu wa ku Senga Bay, apeza nyumba za malonda ziri ndandanda m'mbali mwa nyanja: mahotela, maresitihausi, mabala ndi malo odyera. Ku Chipoka ziri comweco. Nyumba zonsezi zimalandira madzi abwino, ndipo pakutha pa tsiku zimakhala zitawasandutsa madzi oipa, ndiwo ocokera ku cimbudzi ca madzi, ku bafa, ku khichini ndi kocapira zobvala. Phunziro la mwezi uno liri pa funso ili: kodi madzi amenewo apite kuti, ndipo ngati sangathe kuyenda okha, mwini malo agule pampu yotani?

Kapena wina adzati nkhani iyi nja eni mahotela, ife a kumudzi siitikhudza. Iai. Madzi oturuka pa hotela sadziwa mpanda. Amalowa mu mcenga, nakafika pa citsime ca mudzi, kapena pa dooko pamene amai amatsuka mbale ndi ana amasambira. Sitinaiwale kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa March 2022, nifalikira m'maboma onse a dziko lino, ndi Salima yemwe, nipha anthu oposa 1,700. Nthenda imeneyi imayenda ndi zonyansa za munthu zikalowa m'madzi akumwa.

Cifukwa ninji ku nyanja kuli kobvuta

Ku mapiri, monga ku Dowa kapena ku Dedza, munthu amanga thanki kumunsi kwa nyumba yace, madzi natsetsereka okha. Ku nyanja malo ali a cidikha, ndipo kumunsi kwace ndiko ku gombe komwe. Ndiponso nthaka nja mcenga. Dothi labwino limasefa madzi oipa pang'ono pang'ono, tizirombo ta matenda nitifera m'menemo. Koma mcenga umangowapititsa msanga. Cacitatu, madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri, ndipo amakwera nyanja ikakwera. M'caka ca 2024 nyanja inadzaza nilowa m'malo ambiri a alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Dzenje lokumbidwa pafupi ndi gombe pa caka cotere limasanduka mbali ya nyanja.

A zaumoyo amalangiza kuti dzenje lomwetsa madzi oipa litalikirane ndi citsime mamita 30 kapena kuposa, ndi kuti pansi pace pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Pa gombe zimenezi sizitheka kawiri kawiri. Tsono cotsala ndico kunyamula madziwo kunka nao kumtunda kumene kuli dothi louma, ndipo imeneyo ndiyo nchito ya pampu.

Thanki poyamba, pampu pambuyo

Dziwani kuti pampu siiyeretsa madzi, imangowasuntha. Coyeretsa coyamba ndi thanki ya simenti ya zipinda ziwiri imene amisiri amaicha septic tank. M'menemo madzi amaima tsiku limodzi kapena kuposa. Zolemera zimamira ndi kukhala matope pansi, mafuta ndi thobvu zimayandama pamwamba, ndipo madzi a pakati ndiwo amaturuka. Madzi oturukawo akali ndi tizirombo ta matenda, koma alibe zinthu zolimba. Akakathiridwa m'dzenje la miyala, limene amisiri amati soakaway, kapena m'ngalande zokwiriridwa, dothi limatsiriza nchito.

Maganizo anga ndi akuti pa malo ambiri a kuno nkwabwino kumanga kacipinda kacitatu pambuyo pa thankiyo ndi kuika pampu m'menemo. Pampu yokoka madzi osefedwa kale njocepa mtengo, siidya magetsi ambiri, ndipo siitsamwa kawiri kawiri. Mtundu waciwiri ndi pampu ya kukhosi kwakukulu, imene imameza zonyansa zosasefa, zina kufikira zinthu zazikulu mamilimita 50. Iyi ifunika pokhapo pamene palibe malo omangapo thanki pafupi ndi nyumba. Mtundu wacitatu uli ndi mipeni m'kati yoduladula zonse zisanalowe m'paipi. Umenewu umakankha patali m'paipi yaing'ono, koma mtengo wace ngwaukuru, ndipo mcenga, umene alendo amabwera nao ku mapazi polowa m'bafa, umabunthitsa mipeniyo msanga. Mitundu yonse itatu imakhala yomizidwa m'madzi momwemo.

Ndinafikapo pa resitihausi ina pamene mwini wace, pofuna kupulumutsa ndalama, anagula pampu ya madzi oyera, yonga yothirira m'dimba. Sabata isanathe inatsamwa ndi tsitsi ndi tinsanza, mota nipsya. Mnyamata wa nchito ndiye anayamba kutunga madziwo ndi ndowa usiku nakawataya ku gombe. Ndalama zinatayika kawiri, ndipo anansi anamwa zotsala.

Yesani musanagule

Apa ndipo ambiri amalakwa, cifukwa amapita ku sitolo ku Lilongwe nangoti, ndipatseni pampu yamphamvu. Wogulitsa sanaone malo anu. Pali miyeso itatu imene muyenera kupita nayo.

Woyamba ndi kuculuka kwa madzi. Tiyerekeze resitihausi yogona alendo 20, ndipo tinene kuti mlendo ali yense agwiritsa nchito malita 100 pa tsiku. Pamenepo pali malita 2,000. Tionjezepo 1,000 a ku khichini ndi kocapira. Onse pamodzi 3,000. Amene ali ndi mita ya Central Region Water Board asabvutike ndi kuyerekeza. Angowerenga mita pa masiku amene nyumba yadzaza alendo, monga pa Khrisimasi, pakuti pafupi madzi onse olowa amaturukanso.

Waciwiri ndi msinkhu, kucokera pansi pa kacipinda ka pampu kufikira pamene paipi ikathera. Wacitatu ndi utali wa paipi ndi kukula kwace. Madzi poyenda amakhuzana ndi paipi, ndipo kukhuzanako kumalemetsa pampu monga ngati phiri laonjezeka. M'paipi ya mamilimita 50 m'kati mwace, yonyamula malita 80 pa miniti, mamita 100 ali onse amaonjeza mita imodzi ndi pang'ono. Tsono ngati dzenje lanu liri mamita 6 pamwamba, ndi paipi njotalika mamita 200 ndi makona angapo, muwerenge kuti pampu idzakankha mamita 9.

Cenjerani ndi kacitsulo kolembedwa pa pampu. Pamakhala manambala awiri: msinkhu wotsiriza ndi madzi oculuka koposa. Awiriwa sacitika nthawi imodzi. Pampu yolembedwa mamita 10 ndi malita 200 imaturutsa malita 200 pokhapo ikamathira pafupi pomwepo. Ikafika pa mamita 10 siiturutsa kanthu, ndipo pa mamita 9 imangodontheza. Funsani wogulitsa akuonetseni pepala la pampuyo, pamene pali mzere wokhota wosonyeza madzi oturuka pa msinkhu uli wonse, ndipo muloze ndi cala pa mamita 9 muone ngati pakuturuka malita 80. Wogulitsa amene alibe pepala limeneli musiyeni.

Nanga bwanji malita 80, osati 30? Cifukwa madzi akayenda mwaulesi m'paipi zinyalala zimakhazikika ndi kuitseka. Ayenera kuyenda masentimita 60 pa sekondi kapena kuposa, ndipo m'paipi ya mamilimita 50 liwiro limeneli lifuna malita 70 pa miniti. Koma musalumphirenso ku pampu yaikuru koposa. Onani kuti malita 3,000 athu aja pampu ya malita 80 iwatha m'maminiti osakwana 40 tsiku lonse. Yaikuru kwambiri imakhuthula kacipinda m'kamphindi, nizima, niyakanso, ndipo kuyakayaka kumeneku ndiko kumatentha mota.

Funsaninso ngati pampuyo ifuna magetsi a m'nyumba wamba kapena a mawaya atatu, cifukwa malo ang'ono ambiri alibe aciwiriwo. Ndipo funsani kumene zipangizo zace zimapezeka. Pampu yabwino imene mphira yace iyenera kucokera ku Johannesburg ingakugonekeni mwezi wathunthu.

Zinthu zazing'ono zoyenda nayo

Pampu imayaka ndi kuzima yokha ndi kampira koyandama: madzi akakwera kampirako kamadzuka nikayatsa, akatsika kamagwa nikazimitsa. Pakhale kampira kena pamwamba pace koliza belu kapena kuyatsa nyale yofiira madzi akapitirira muyeso. Pa paipi pakhale valavu yosalola madzi kubwerera, cifukwa popanda iyo madzi onse a m'paipi amatsikiranso m'kacipinda pampu ikazima. Hotela yaikuru ikhale ndi mapampu awiri osinthana.

Magetsi amazima; tonse tidziwa. Cifukwa cace kacipindako kakhale ndi malo opanda kanthu pamwamba pa kampira ka belu okwana madzi a tsiku limodzi, ndipo amene ali ndi jenereta aone kuti waya wa pampu walumikizidwako, osati mafiriji ndi nyale zokha. Bokosi la magetsi likhale pa khoma, pamwamba pa pamene nyanja inafika mu 2024.

Madzi a ku khichini adzere kaye m'kabokosi kogwira mafuta. Mafuta okazingira cambo ndi chipisi akazizira amaundana, namata kampira kaja kuti kasadzukenso. Kabokosiko kawaulidwe sabata ndi sabata. M'cimbudzi ciri conse muikemo kadengu ka cibvundikiro, ndi cikwangwani copempha alendo kuti asaponye nsanza, matewera kapena mapulasitiki m'mtondo.

Za kusamala moyo

Pano ndilankhula kwa anyamata a nchito makamaka. Musalowe m'thanki kapena m'kacipinda ka pampu, ngakhale bwana akukalipireni. M'menemo mumakhala mpweya wonunkha ngati dzira lobvunda, ndipo ukaculuka umapha mphuno, munthu naganiza kuti watha, pomwepo nakomoka. Wolowa kukamcotsa amagwanso. Mulinso mpweya wina woyaka, tsono fodya ndi macesi zikhale kutali. Pampu imangidwe ku cingwe ca nailoni kapena unyolo wosacita dzimbiri, ndi columikizira paipi cikhale pafupi ndi cibvundikiro, kuti munthu aikoke ali panja. Zimitsani magetsi musanaigwire, ndipo musaikoke ndi waya wace. Mukatha sambani ndi sopo.

Matope a m'septic tank apimidwe ndi ndodo yaitali kamodzi pa caka. Akafika gawo limodzi la magawo atatu a thanki, itanani galimoto yopopa, cifukwa akapitirira amasefukira ku pampu ndi kutseka dzenje la kumtunda. Koma musakhuthule thanki yonse nthawi imene madzi a m'nthaka ali pamwamba, makamaka ngati nja pulasitiki: thanki yopanda kanthu imayandama ngati bwato, nizula mapaipi ace. Funsaninso woyendetsa galimotoyo kumene akukataya, pakuti akakathira m'dambo la Mpatsanjoka kapena mu mtsinje wa Linthipe zonse zibwerera ku nyanja.

Lamulo la Boma liripo pa nkhani iyi. Water Resources Act ya 2013 siilola munthu kuthira madzi oipa mu mtsinje kapena m'nyanja popanda cilolezo ca National Water Resources Authority. Musanakumbe, pitani kwa a zaumoyo a ku khonsolo ya Salima akaone malo. Mafumu ndi makomiti a m'midzi ali nao ufulu wofunsa mwini hotela kumene madzi ace amathera.

Kwa aphunzitsi: muyeso wa msinkhu uja ana a Standard 7 ndi 8 angathe kuupeza. Tengani paipi yoonekera m'kati, yotalika mamita 10, muidzaze madzi. Mwana mmodzi aime kumunsi ndi ndodo yolembedwa masentimita, wina aime kumtunda. Madzi a ku nsonga ziwiri za paipi amalingana nthawi zonse, tsono ali yense ayese kucokera pa madziwo kufika pansi, ndipo kusiyana kwa miyeso iwiriyo ndiko kukwera kwa malo. Asunthe, abwereze, aphatikize manambala kufikira atafika pamwamba. Yambani pa citsime ca sukulu kunka ku zimbudzi, ndipo ana alembe m'makope mwao cimene ciri kumtunda kwa cinzace, ndi mamita angati ali pakati pao.