Malangizo kwa eni ndi mamanijala a malo ogona alendo ku Senga Bay

Wophika amene mwamuphunzitsa kwa chaka akangonyamuka kupita ku Lilongwe kapena ku Joni, mumayambiranso poyamba. Ambiri mwa antchito anu ndi ana a asodzi ndi alimi a m'midzi yomwe yazungulira malo anuwo. Amaona mmene mukuchitira ndi nyanja imene inawalera, ndipo amaonanso ngati kusamala chilengedwe kumene mumakulengeza kwa alendo kukuwapindulira iwo kapena kukungowaonjezera ntchito.

1. Yambani ndinu. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ngati katundu wa kukhitchini akubwerabe m'majumbo otero pa galimoto ya bwana, musadabwe wosesa pagombe akamagwira ntchito monyinyirika. Tsiku losesa gombe, nanunso gwirani thumba.

2. Musatume wantchito kukagula nsomba zakuba. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chambo chikuswana, boma limatseka usodzi wa makoka. Mlendo akafuna chambo nthawi imeneyi, amene amatumidwa kudoko mbandakucha ndi mnyamata wa kukhitchini, ndipo akagwidwa ndi komiti ya m'mbali mwa nyanja, manyazi amagwera iye ndi abale ake, inu muli phee mu ofesi. Anthu a kuno lamulo lotseka nyanja sanaliphunzire kwa azungu: pachilumba cha Mbenje, kwa Mfumu Makanjira, usodzi wakhala ukutsekedwa m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zakumeneko zimadziwika ndi kukula kwake. Sinthani mndandanda wa zakudya, ikanipo kampango, usipa kapena nkhuku ya lokolo, ndipo woperekera zakudya afotokozere mlendo chifukwa chake. Amafotokoza monyadira chifukwa ndi nkhani yakwawo.

3. Chotsani makala kukhitchini. Makala ndi amene akhala akudya nkhalango ngati ya Thuma. Gasi ndi wodula poyamba, inde, koma funsani amene amakhala mu utsi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Madzi osamba atenthetsedwe ndi dzuwa. Boma lathu lino lomwe lili ndi siteshoni ya sola ya mamegawati 60 ku Nanjoka silingadandaule za kusowa kwa dzuwa.

4. Ndalama zimene mwapulumutsa zifike m'thumba la wantchito. Ikani bilu ya magetsi ndi ya madzi pa bolodi mwezi uliwonse. Ikatsika, gawani gawo lina. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amalamula kuti matawulo asachapidwe tsiku lililonse, kenako n'kudula masiku a wochapa. Mawa lake palibe amene azimitse getsi.

5. Zimbudzi ndi madzi a kukhitchini zikhale kutali ndi gombe. Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024, malo ambiri a m'mphepete anamira. Zoipa zikalowa m'nyanja, oyamba kudwala ndi ana a antchito anu omwe amasamba ndi kutunga madzi pomwepo.

6. Alendo akachepa mu Januwale ndi Febuluwale, musathamangire kuchotsa anthu. Ndi nyengo yobzala mitengo, yokonza madenga ndi yophunzitsa. Woyendetsa boti amene akudziwa kuti zilumba za Maleri ndi mbali ya paki ya Nyanja ya Malawi, imene UNESCO inaizindikira mu 1984, komanso wokhoza kusiyanitsa mitundu ya nsomba za mbuna kapena kuperekeza alendo kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti, ndi wofunika kumukweza malipiro ena asanamutenge.

7. Zonsezi n'zachabe ngati malipiro akuchedwa. Lipirani pa tsiku lake, werengerani ovataimu, ndipo perekani za penshoni monga lamulo linenera: 10 peresenti kuchokera kwa olemba ntchito, 5 peresenti kwa wantchito. Ndalama zimene alendo amasiya mu bokosi ziwerengedwe pamaso pa onse, ndipo mlonda ndi wa m'dimba alandire nawo.