ZA MIYESO YA M'MUNDA NDI YA PA MSIKA

Inu eni mabanja, amene mugawira ana anu minda, ndi kulemba anthu aganyu, ndi kugulitsa dzinthu pa msika, mverani mau awa a miyeso. Pakuti alipo ambiri olima ndi khama caka conse, nataya phindu lao tsiku limodzi cifukwa ca kusayesa bwino.

Makolo athu anayesa ndi ziwalo za thupi, ndizo cikhato, ndi mkono, ndi phazi, ndi mkwamba poyesa nsaru. Miyeso iyi inakwanira pomanga munthu nyumba ya iye yekha. Koma mkono wa munthu wamtali sulingana ndi wa wamfupi, ndipo pokomana wogula ndi wogulitsa, yense afuna mkono umene umkomera iye. Cifukwa cace maiko anapangana miyeso yosasinthika. Muyeso wa utali wochedwa mita unayambira ku France m'zaka za m'ma 1790, ndipo m'caka ca 1875 maiko 17 anacita pangano ku Paris kuti asunge miyeso pamodzi. Kuyambira 1889 kufikira 2019 kilogalamu inayesedwa ndi kacitsulo kamodzi kosungika ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Lero anzeru ali ndi njira zina zoposa kacitsuloko, koma kilogalamu ya pa msika wanu sinasinthike ai.

Coyamba cimene ana aphunzira ku sukulu ndi ici: muyeso uli wonse uli ndi mbali ziwiri, ciwerengero ndi dzina. Munthu akati, Munda wanga uli 70, sananene kanthu. Kodi 70 ciani? Mapazi, kapena mayadi, kapena mamita? Yadi iperewera pa mita ndi masentimita pafupi 9 (mita imodzi iri ndi masentimita 100), ndipo ici cioneka cacing'ono. Koma pa mayadi 70 kuperewerako kufika mamita 6. Potero musabvomere ciwerengero copanda dzina lace, pakamwa kapena pa kalata.

Caciwiri ndico cobvuta, ndipo akuru omwe aphophonyapo. Miyeso iri ya mitundu mitundu. Ulipo wa utali, monga wa cingwe. Ulipo wa bwalo, monga wa munda. Ulipo wa m'kati, monga wa ndowa kapena nkhokwe. Ndipo ulipo wa kulemera, umene uoneka pa sikelo. Monga simuwerenga mbuzi ndi nkhuku pamodzi ndi kuzicha zonse mbuzi, momwemonso simungathe kuyesa bwalo ndi muyeso wa utali wokha.

Taonani fanizo. Munthu ali ndi ana amuna awiri, nafuna kuwagawira minda molingana. Azungulira munda woyamba m'malire, nawerenga mapazi 200, azungulira waciwiri, napezanso 200, nati, Yalingana. Koma woyamba uli mapazi 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo waciwiri uli 90 m'litali ndi 10 m'lifupi. Tsono curukitsani utali ndi m'lifupi mwace: 50 kacurukitsidwe ndi 50 ndiwo 2,500, koma 90 ndi 10 ndiwo 900 okha. Mwana waciwiri sanalandire ngakhale theka la munda wa mbale wace, cinkana atate wao sanafune kukondera. Mlandu wotere udzuka mwini wace atamwalira, nudanitsa abale zaka zambiri. Kuzungulira munda kukuuzani utali wa mpanda umene ufunika. Sikukuuzani kukula kwa malo olima.

Cimodzimodzi ndi ganyu. Mukapangana mtengo wa ndime ya mamita 20 mbali zonse, ndipo mawa mupatsa munthu ndime ya mamita 40 mbali zonse, musati nchito yakula kawiri. Yakula kanai, pakuti ndime yoyamba ndiyo masikweya mita 400, yaciwiri 1,600. Sikweya mita ndilo kabwalo ka mita imodzi mbali zonse zinai. Wolipira kawiri kokha wadya thukuta la mnzace.

Hekitala ndilo bwalo la mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndiwo masikweya mita 10,000. Ekala icepa, iri masikweya mita 4,047, ndipo maekala awiri ndi theka ayandikira hekitala imodzi. Akuru amene amati ekala ndiyo mayadi 70 mbali zonse sanalakwe kwambiri, pakuti 70 ndi 70 ndiwo 4,900, ndipo ekala yeni yeni ndiyo masikweya yadi 4,840. Koma cenjerani powerenga malangizo a feteleza kapena a mbeu. Akanena za hekitala, inu nimuthira zonsezo pa ekala, mwathira koposa kawiri, ndipo ndalama zanu zapita ndi madzi a mvula.

Pobzala cimanga alangizi atiuza kuti mizere italikirane masentimita 75, ndi mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Mukatero hekitala itenga mapesi 53,000 ndi mphambu zace. Koma mukaunga mizere ndi diso lokha, nikhala masentimita 90, m'malo mwa mizere 133 mudzapeza 111, ndipo phesi limodzi mwa mapesi 6 ali onse latayika musanabzale n'komwe. Diso linyenga, makamaka madzulo msana utatopa.

Tsono za ndowa ndi sikelo. Ndowa iyesa malo a m'kati, ndipo muyeso wace ndiwo lita. Sikelo iyesa kulemera, ndipo muyeso wace ndiwo kilogalamu. Pa madzi pokha ziwirizi zigwirizana, pakuti lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Cimanga sicitero, popeza pakati pa maso ace pali mipata ya mpweya. Ndowa ya malita 20 yodzala cimanga couma, yosalazidwa pakamwa, ilemera makilogalamu 14 kapena 15. Yosendereza ndi mulu pamwamba ilemera koposa. Ndipo ya mtedza wosasenda ipepuka kwambiri. Apa ndipo ocenjera adyera. Pogula kwa inu adza ndi ndowa yofutukuka m'mimba, naunjika mulu. Pogulitsa kwa inu mwezi wa njala adza ndi yophwanyika pansi, nasalaza ndi dzanja. Dzina liri lomwelo, ndowa, koma cimanga ca m'katimo casiyana. Ife tiyesa kuti nkwabwino kugulitsa pa sikelo, ndi kuona ndi maso anu kuti thumba lafika makilogalamu 50.

Koma sikelo nayonso inama. A Malawi Bureau of Standards ali ndi nchito ya kuyesa masikelo a malonda, koma sangakhale pa msika uli wonse tsiku liri lonse. Citani cotere: musanapacike thumba, penyani kuti muvi wa sikelo waima pa 0, ndipo mutenge paketi ya suga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, kapena mapaketi awiri, nimuyese iwo poyamba. Wogula woona mtima sadzakana.

Zipangizo za m'munda sizifuna ndalama. Dulani nsungwi zowongoka zitatu, nimupite nazo kwa mphunzitsi wa sukulu kapena kwa telala amene ali ndi tepi, kuti akulembereni imodzi ya mita, ina ya masentimita 75, ndi ina ya masentimita 25. Ndi ndodo ya mita muyese cingwe ca mamita 10, ndi kumanga mfundo pa mita iri yonse. Cingwe citanuka pogwira nchito, cifukwa cace muciyesenso ndi ndodo caka ndi caka mvula isanagwe. Ndodozo muzisomeke ku denga, kumene ciswe sicifika, ndi kumene ana sadzazitenga kukathamangitsira mbuzi.