Madzi Akalowa M'nyumba: Umitsani Msanga, Koma Musathamangire Kusaina

Pa 16 July 2024 kunagwa chimvula ku Toronto moti msewu wa Don Valley Parkway unatsekedwa, ndipo madzi analowa mu Union Station ndi m'zipinda zapansi za nyumba zambiri. Zoterezi zikachitika, akathyali amayenda khomo ndi khomo n'kumadzitcha amisiri.

Chida chawo ndi mantha. N'zoona kuti chuku chimayamba kumera pakhoma ndi pakapeti yonyowa pakangotha maola 24 mpaka 48, ndipo chimadzutsa mphumu ndi chifuwa, makamaka kwa ana ndi okalamba. Choncho kuumitsa n'kwachangu: jambulani zithunzi, imbirani a inshuwalansi, tulutsani zonyowa, ndipo mankhwala amene akhudzidwa ndi madziwo musamwe, apititseni ku famase. Koma kumanganso khoma kungadikire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanalembe ntchito mmisiri, chitani izi:

1. Funsani mitengo kwa amisiri atatu, aliyense alembe papepala.

2. Onani layisensi. Mzinda wa Toronto umapereka layisensi kwa okonza nyumba, ndipo mungafunse poimba 311. Wokonza magetsi akhale ndi nambala ya ECRA/ESA.

3. Musalipire zonse ntchito isanayambe. Boma la Ontario limalangiza kuti ndalama yoyamba isapose 10 peresenti ya mtengo wonse. Pewani kulipira kashi popanda lisiti.

4. Dziwani ufulu wanu. Mukasaina kontirakiti yoposa madola 50 kunyumba kwanu, lamulo la ku Ontario limakupatsani masiku 10 oti mutha kuithetsa popanda kupereka chifukwa. Mtengo ukalembedwa mu kontirakiti, mmisiri saloledwa kuukweza kuposa 10 peresenti pokhapokha mutavomereza ntchito ina yowonjezera.

Ngati mukuchita lendi, kukonza nyumba ndi udindo wa landilodi. Mulembereni uthenga n'kuusunga.

Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito kumudzi. Namondwe Freddy anagwetsa nyumba zambiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023. Mukamathandiza abale kumanganso pambuyo pa ngozi ngati imeneyi, tumizani ndalama pang'onopang'ono: za maziko, kenako za khoma, kenako za malata, mutaona kaye zithunzi ndi malisiti.

Mukaberedwa kuno ku Canada, musabise chifukwa cha manyazi. Kaneneni kupolisi ndi ku Canadian Anti-Fraud Centre, kuti anzanu asagwe m'mbuna yomweyo.