Kusamala Zipangizo za Gulu pa Bwalo Loomberapo Chandamale

M'maiko ambiri muli magulu a anthu amene amasonkhana kudzaombera chandamale ndi mfuti. Anthu otere sali pa uzimba, ndiponso sali pankhondo ayi. Iwo amangopikisana kuti aone amene ali ndi diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera. Tsono bwalo loomberapo, matabwa a chandamale, mbendera, mphasa zogonapo ndi mfuti zina si za munthu mmodzi, koma za gulu lonse. Phunziro la mwezi uno likulongosola m'mene zinthu zimenezi amazisamalira, pakuti pamalo otere kunyozera kwa munthu mmodzi kungathe kuvulaza mnzake.

Bwalo la ku Bisley

Bwalo lomveka koposa lili ku Bisley, m'dera la Surrey, ku England. Bungwe loliyang'anira, National Rifle Association, linayamba m'chaka cha 1859. Mpikisano wake woyamba unachitika pa Wimbledon Common mu 1860, ndipo Mfumukazi Victoria ndiye anaombera mfuti yoyamba pokoka kachingwe. Koma mzinda wa London unali kukula, nyumba zinali kuyandikira, kotero kuti kuombera pamalopo kunasanduka choopsa. Chifukwa chake mu 1890 bungwelo linasamukira ku Bisley.

Kumeneko kuli bwalo lotchedwa Century, lokhala ndi malo oikapo chandamale oposa 100, ndipo munthu amaombera ali patali mpaka mayadi 600. Lina ndi Stickledown, kumene amaombera mpaka mayadi 1,200. Chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wa King's Prize, ndipo wopambana amamunyamula pampando anzake akukondwera. Mu 1930 mayi wina, Marjorie Foster, anakhala mkazi woyamba kupambana mphotho imeneyi. Komatu wonyamulidwa pampandoyo sakadapambana pakadapanda anthu ena osaoneka, amene amakhala kuseri kwa dothi tsiku lonse akusamala chandamale chake.

Ntchito ya m'ngalande

Kutsogolo kwa matabwa a chandamale kuli chimulu cha dothi, ndipo kuseri kwa chimulucho kuli ngalande yofoleredwa mbali imodzi. M'menemo ndimo mumakhala olemba zizindikiro. Zipolopolo zimadutsa pamwamba pa mitu yawo, koma iwo ali otetezeka malinga asatulutse mutu kapena dzanja.

Chandamale chimakhala pa chimango chimene chimakwera ndi kutsika. Chipolopolo chikaboola, wolemba amatsitsa chimangocho, nafunafuna bowo. Akalipeza amatsekamo kachizindikiro kooneka patali, naonetsanso mtengo wake wa kuomberako: pakati penipeni ndi 5, kenaka 4, 3, 2 mpaka 1. Bowo lakale amalimata ndi kapepala, kakuda pakuda, koyera poyera. Atatero amakwezanso chandamale.

Ntchito yomatayi imaoneka yaing'ono, koma chilungamo chonse cha mpikisano chagona pamenepo. Wolemba akasiya bowo limodzi losamata, pobwera chipolopolo china sadzadziwa kuti latsopano ndi liti. Pamenepo wina alandira zimene sanaombere, wina namanidwa zake, ndipo mkangano wabuka pakati pa mabwenzi. Ku Bisley oombera ndi olemba amalankhulana pa wailesi ndi mauthenga a manambala. Uthenga 1 utanthauza kuti kuombera kuli pafupi kuyamba. Uthenga 4 utanthauza kuti mfuti yalira koma chizindikiro sichinaoneke, tsono wolemba ayang'anitsitse bwino chandamale chonse.

M'magulu ang'onoang'ono mulibe ndalama zolembera antchito. Mamembala amasinthana okha: ena akuombera, ena ali m'ngalande. Amene afuna kuombera koma akana kulowa m'ngalande akumbuke mawu a akulu akuti walira mvula walira matope.

Matabwa ndi zimango

Kale chandamale chinali cha chitsulo. Chipolopolo chikamenya chitsulo chimaphwanyika, ndipo zidutswa zake zimauluka. Pambuyo pake anayamba kukhoma chiguduli kapena nsalu yolimba pa matabwa, namatapo pepala ndi phala. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito pulasitiki wopepuka, ndipo mabwalo ena ali ndi makina amene amaonetsa okha pamene chipolopolo chadutsa. Ngakhale zili choncho, adani a zipangizo ndi omwe aja: mvula, dzuwa, dzimbiri ndi ulesi.

Kuombera kukatha, chandamale chilichonse achichotse pa chimango ndi kuchiimika m'nyumba youma, osachigoneka pansi pachinyezi. Pepala lonyowa limafufuma, mizere yake nisokonekera. Thabwa lopindika silikhala bwino pa chimango, ndipo mphepo ikaomba lingathe kugwera munthu. Mawilo ndi maunyolo a chimango afunika mafuta, pakuti chimango chouma chimalemera, wolemba natopa msanga. Thabwa limene lathyoledwa ndi zipolopolo alisinthe, asalimange ndi waya kapena kulidzaza misomali, popeza chitsulo chilichonse chosafunika pa chandamale chingathe kubweza chipolopolo.

Magulu ena amaomberabe chandamale cha chitsulo cholimba chopangidwira ntchito imeneyi. Lamulo lake ndi lakuti nkhope yake ikhale yosalala. Chikayamba maenjemaenje kapena ming'alu, zidutswa sizigwanso pansi monga mwa masiku onse, koma zingathe kubwerera kwa woombera. Chitsulo chotere achichotse tsiku lomwelo.

Mchenga wogwira zipolopolo

Kuseri kwa matabwa kuli chimulu china chachikulu cha mchenga. Ntchito yake ndi kumeza zipolopolo kuti zisapitirire kumene kuli anthu. Mchengawo uyenera kukhala wofewa ndi wopanda miyala. Popeza zipolopolo zimagwa pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi, zimaunjikana mpaka kupanga chibuma cholimba, ndipo china chikamenya pamenepo chimanjanja n'kulowera kwina. Kotero gulu limaika masiku ogalauza mchenga, kuusefa, ndi kukwirira maenje amene mvula yakumba.

Zipolopolo zambiri zili ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni. Fumbi lake likalowa m'thupi limaononga magazi, impso ndi ubongo, makamaka mwa ana. Osefa mchenga avale zophimba mphuno ndi manja, asadye kapena kusuta ali pantchito, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya. Ana asaloledwe kutola zipolopolo kuti azisewera nazo.

Mfuti za gulu

Pa nkhani ya mfuti, asilikali akale a King's African Rifles, amene ambiri anaphunzira usilikali ku Zomba, ankadziwa bwino mwambo wake. Mfuti yawo inali Lee-Enfield ya .303. Zipolopolo za nthawi imeneyo zikalira zinkasiya mchere mu mpope wa mfuti. Mchere umakoka chinyezi, chinyezi nichibala dzimbiri m'masiku owerengeka. Mafuta okha sasungunula mchere, chifukwa chake msilikali ankathira madzi owira mu mpopemo, kenaka nakokamo kansalu ndi chingwe mpaka muume, pomalizira pake napaka mafuta pang'ono. Zipolopolo zambiri za masiku ano sizisiya mchere wotere, koma mwambo wotsuka mfuti tsiku lomwe yagwira ntchito sunathe.

Mfuti ya gulu ndiyo ili patsoka lalikulu, pakuti woombera aliyense amaganiza kuti wina aitsuka. Magulu anzeru ali ndi lamulo lakuti womaliza kuombera ndiye wotsuka. Asanaigwire kuti aitsuke, ayambe waona ndi maso ake kuti mulibe chipolopolo. Mfuti azitsekera m'bokosi lachitsulo, zipolopolo nazo pamalo pena potseka. Ku Britain gulu lovomerezedwa ndi boma limasunga buku lolembamo aliyense wobwera kudzaombera ndi mfuti imene wagwiritsa ntchito.

Zinthu zazing'ono

Mbendera zofiira zimene amakweza m'malire a bwalo zimachenjeza odutsa kuti kuombera kuli mkati. Mbendera yosuluka ndi dzuwa sioneka patali, tsono aisinthe isanayere. Madzulo aitsitse, chifukwa mbendera yokhala pamtengo usana ndi usiku anthu amaizolowera, naleka kuiopa. Zotseka m'makutu azipukute ndi kuziyang'ana ngati zang'ambika, pakuti kulira kwa mfuti kumagonthetsa, ndipo khutu likafa silidzukanso. Magalasi oonera patali asawapukute ndi malaya afumbi, popeza mchenga umakanda galasi. Mphasa zonyowa aziyanike asanazipinde.

Chachikulu pa zonse ndi kunena zoona. Munthu akathyola chinthu, kapena akapeza chothyoka, auze woyang'anira bwalo ndi kulemba m'buku. Kuthyola chinthu pantchito si mlandu waukulu. Mlandu ndi kuchibwezera mwakachetechete m'nyumba yosungiramo, kuti mnzake adzachitenge mawa osadziwa.

Kwa aphunzitsi ndi akulu a m'midzi

Midzi yambiri ilibe bwalo lotere, ndipo mfuti si chinthu choti munthu agwire popanda chilolezo cha boma. Koma mudzi uliwonse uli ndi zinthu za onse: mjigo, ngolo, mpira wa sukulu, mabuku, makasu a kumanda. Malamulo a oombera chandamale akwanira pa zonsezi. Pakhale munthu mmodzi wodziwika wosunga makiyi. Pakhale buku lolembamo wotenga ndi wobweza. Pakhale masiku oikika okonza zinthu pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo wogwiritsa ntchito chinthu achisiye monga iye mwini angakonde kuchipeza.

Aphunzitsi angathe kufunsa ana mafunso awa: Chifukwa ninji bowo lililonse liyenera kumatidwa? Nanga miyala mu mchenga iopsa bwanji? Chifukwa ninji asilikali ankathira madzi owira mu mfuti? Pomaliza ana atchule zinthu zitatu za onse zimene zili pasukulu pawo, anene amene amazisunga, ndi tsiku limene zinakonzedwa komaliza.