Phunziro: Wailesi Ikakana Kulankhula

Tikambirane

Ndani mwa ife anakwerapo galimoto imene wailesi yake imangoti wayowayo? Nanga alipo amene anagwirapo wailesi yolankhulirana, yonga imene alonda ndi apolisi amanyamula?

Mawu oti tiwerenge limodzi

batire, fyuzi, waya, eriyo, sipika, tchanelo

Tiwerenge

Kunali m'mamawa, kukuzizira monga kumazizirira ku Tsangano mwezi wa Juni. Dalaivala wina anali atapakira matumba a mbatata ya kachewere, akulowera ku Biriwiri. Atayatsa wailesi kuti amve nkhani, inangoti zii. Ngakhale kanyali kake sikanayake.

Mnyamata wake anati, "Bambo, imeneyi yafa. Tikagule ina ku Ulónguè."

Iwo anaseka. "Dekha mwanangu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatsegula kabokosi ka mafyuzi pansi pa chiwongolero, n'kuzula fyuzi ya wailesi. Atayiyang'ana pa dzuwa, anaona kuti kawaya kam'kati kaduka. Anaikapo ina ya nambala yomweyo, ndipo wailesi inayamba kulankhula.

Wailesi iliyonse imafuna zinthu zitatu. Imafuna magetsi, monga ochokera ku batire. Imafuna eriyo yokola mawu mumlengalenga. Imafunanso sipika yotulutsa mawuwo. Ikavuta, tizifufuza zitatuzi chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta kuchiona.

Wailesi ya m'galimoto

Ngati siyaka konse, vuto lili ku magetsi. Batire ya galimoto yaing'ono imakhala ya mavoti 12. Yang'anani mitu yake. Ngati pali zoyera ngati ufa, palani ndi kumanga bwino. Kenaka onani fyuzi. Fyuzi ndi mlonda wa mawaya: magetsi akachuluka imapsa yokha kuti zina zipulumuke. Pamwamba pake pamalembedwa nambala. Yofiira imakhala 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Ikapsa ya 10, bwezeraniponso ya 10. Osakulungapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, chifukwa mawaya angatenthe mpaka galimoto kuyaka. Fyuzi yatsopano ikapsanso pompo, ndiye kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo.

Ngati imaiwala masiteshoni mukazimitsa injini, kawirikawiri ndiye kuti mawaya awiri asinthana. Pa mawailesi ambiri, waya wachikasu uyenera kukhala ndi magetsi nthawi zonse, chifukwa ndiwo umasunga masiteshoni. Wofiira umalandira magetsi mukapotokola kiyi. Wakuda umamangidwa ku chitsulo cha galimoto.

Ngati ikulira ngati udzudzu, ndipo kulirako kukukwera mukaponda mafuta, phokosolo likuchokera ku alitaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire. Kawirikawiri waya wakuda uja wakhwepa, kapena wamangidwa pamalo a dzimbiri. Palani malowo mpaka chitsulo chiwale.

Ngati ikuyaka koma mawu akudukaduka mukagunda mabampu, onani pulagi ya eriyo kuseri kwa wailesi ndi mawaya a masipika a m'zitseko. Misewu yathu ya fumbi imagwedeza chilichonse.

Pali vuto linanso limene limapusitsa ambiri. Masiteshoni a FM kuno, kaya ndi Rádio Moçambique kapena a ku Malawi, amapezeka pakati pa 87.5 ndi 108. Koma galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zili ndi wailesi yoyambira pa 76 n'kuthera pa 90. Wailesi yotere siinafe ayi, ingolephera kufika kumene kuli masiteshoni ambiri. Amakaniki amaikapo kabokosi kotchedwa band expander pakati pa eriyo ndi wailesi. Kakaikidwa masiteshoni amamveka, koma nambala yoonekera pagalasi imasiyana ndi yeniyeni.

Wailesi yolankhulirana

Iyi imasiyana ndi foni. Siifuna mayunitsi, koma anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi. Mumadina batani la m'mbali, kudikira pang'ono, n'kulankhula. Mukatha mumati "ova" ndi kulisiya batanilo. Mukapitiriza kulidina, simumva yankho la mnzanu, ndipo ena onse a pa tchanelo chimenecho mwawatsekera njira.

Mawu a wailesi imeneyi amayenda molunjika, pafupifupi ngati kuwala kwa tochi. Dera la Furancungo ku Macanga lili ndi mapiri ndi zigwa. Munthu amene ali kudambo, kuseri kwa phiri, sangamvane ndi mnzake ngakhale ali pafupi. Asaiguguze wailesi. Akwere pachitunda kapena pachulu, aigwire choimirira, eriyo italoza kumwamba.

Ngati mukumva mnzanu koma iye sakukumvani, yambani mwakayikira batire. Kulankhula kumadya moto wambiri kuposa kumvetsera, choncho batire yofooka imatha kumva koma n'kulephera kutumiza. Pukutani tizitsulo ta batire ndi kansalu kouma, ndipo itchajeni mokwanira.

Ngati nonse simukumvana, onani ngati muli pa tchanelo chimodzi. Mawailesi ena alinso ndi nambala yachiwiri yosefera mawu a anthu ena. Imeneyonso ifanane.

Ngati ikungofwenthera osalekeza, kwezani pang'ono squelch, kachipangizo kamene kamatseka phokoso pamene palibe wolankhula. Mukakweza kwambiri, mawu ochokera kutali nawonso atsekeka.

Musadine batani lolankhulira eriyo itachotsedwa kapena itathyoka, chifukwa mphamvu imabwerera m'kati n'kuwononga wailesi. Musainyamulenso pogwira eriyo. Ikanyowa ndi mvula, zimitsani, chotsani batire, ndipo muisiye iume bwinobwino.

Kumbukiraninso kuti matchanelo ali ndi eni ake. Ku Mozambique amawayang'anira ndi a INCM, ku Malawi ndi a MACRA. Funsani za chilolezo musanagule. Mukayesa njira zonsezi zokonzera wailesi koma osaphula kanthu, pitani kwa mmisiri. Safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene wailesi imafuna.
2. N'chifukwa chiyani sitiyenera kukulunga kawaya pa fyuzi?
3. Munthu amene ali kuseri kwa phiri achite chiyani kuti amveke?

Tilembe

Lembani m'kope mwanu: Fyuzi ikapsa, ndibwezerapo ya nambala yomweyo.

Masamu

Wailesi ya ku Japan ithera pa 90. Masiteshoni athu athera pa 108. Kusiyana kwake ndi kotani?

Ntchito ya kunyumba

Pemphani dalaivala wa m'mudzi mwanu akuonetseni kabokosi ka mafyuzi. Lembani mitundu ndi manambala amene mwaona, mudzatiwerengere pa phunziro lotsatira.